Nambala 28 yandisowetsa tulo, ndithandizeni

Telala wa ku Matawale:
Moni nonse. Lachisanu magetsi atazima tinakhala pakhonde, mwana wanga wa Fomu 2 akuwerenga masamu ndi tochi ya foni. Anati, "Adadi, tchulani manambala onse ogawa 28 popanda chotsala, kupatula 28 mwini wakeyo." Ndinatchula 1, 2, 4, 7 ndi 14. Akuti phatikizani. Abale, inabwera 28 yomweyo! Ndinatenga choko changa chojambulira nsalu n'kuyamba kuyesa ena pasimenti. Za 12 zinakwana 16, za 27 zinangofika 13, za 30 zinapitirira mpaka 42. Mpaka pano sindinapeze ina. Kodi 28 ili yokha, kapena ili ndi abale ake? Ndikufuna ndikamuyankhe zomveka mwanayu, chifukwa ndinaona mmene nkhope yake inawalira.

Mphunzitsi wopuma, Domasi:
Achimwene, mwagwira chinthu chakalekale. Pa masamu timaitcha perfect number. Mukanayambira pansi mukanakumana ndi 6, chifukwa 1, 2 ndi 3 mukaphatikiza zimakwana 6. Ikatha 28 imabwera 496, kenako 8128, ndipo yachisanu ili kutali, 33,550,336. Choko chanu chikanatha.

Njira yozipezera anailemba katswiri wa masamu Euclid zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Yambani ndi 1, muzichulukitsa ndi 2, n'kumaphatikiza. Zikakupatsani prime number, yomwe imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi, ichulukitseni ndi nambala yomwe mwalekezera. Onani: 1, 2 ndi 4 mukaphatikiza zikwana 7, ndipo 7 kuchulukitsa ndi 4 ndi 28 yanu ija. Mukawonjezera 8 mupeza 15, koma 15 imagawika ndi 3, ndiye idumpheni. Onjezerani 16, mwafika pa 31, ndipo 31 kuchulukitsa ndi 16 ndi 496. M'zaka za m'ma 1700 katswiri wina, Leonhard Euler, anatsimikiza kuti perfect number iliyonse yogawika ndi 2 imachokera m'njira yomweyi. Chimene chimandikoka mtima ine n'chakuti yosagawika ndi 2 palibe anaipezapo, komanso palibe anatsimikiza kuti kulibe. Muuzeni mwanayo zimenezi, adziwe kuti masamu sanathe kulembedwa.

Mayi wa tomato, msika wa Zomba:
Za Euclid ine ayi, koma 28 ndimaidziwa ndi manja. Yalani tomato 7 pamzere, kutsogolo kwake 6, kenako 5, mpaka mmodzi. Werengani, ndi 28. Ndiponso maboma a dziko lathu lino si 28 kodi?

Mphunzitsi wopuma, Domasi:
Mayi, maboma angokumana nayo panjira, koma za tomatozo ndi masamu enieni. Imeneyo ndi triangular number, ndipo abale ake onse ndatchula aja amayalika choncho: 6 m'mizere itatu, 496 m'mizere 31.

Telala wa ku Matawale:
Zikomo kwambiri aphunzitsi, nanunso mayi. Dzulo madzulo tinayesa 496 ine ndi mwana: 1, 2, 4, 8, 16, 31, 62, 124, 248. Yakwana ndendende. Iye wapitiriza yekha, waphatikiza 32 ndi 64 n'kufika pa 127, ndipo wakana kuti ndimuuze kalikonse. Panopa ali pakhonde akuchulukitsa 127 ndi 64.