Alendo akachuluka kuposa mabedi, ena agone pati?

Mwini_kanyumba:
Moni nonse. Ndili ndi nyumba ya zipinda ziwiri yomwe ndimalandiramo alendo a masiku ochepa kudzera pa Airbnb, tsamba la pa intaneti lomwe apaulendo amapezerapo malo ogona. Chipinda chimodzi chili ndi bedi lalikulu, chinacho chili ndi mabedi awiri aang'ono, ndiye anthu anayi amakwana bwinobwino. Omwe akundisowetsa mtendere ndi mabanja a anthu asanu. Amandilembera kuti, "Mayi, mwana mmodziyo sangagone pabalaza?" Ine ndimawabweza chifukwa ndilibe pomugoneka, ndipo zimandiwawa. Ndikuganizira matilesi opopa, sofa yotambasula ija imasanduka bedi, kapena matilesi a siponji opinda. Posungira ndili ndi kabati imodzi basi. Nanga mashiti ndi mabulangete apadera akhale angati? Sindikufuna munthu alipire ndalama zake n'kudzuka msana ukuwawa.

Bambo_wa_msana:
Mayi, matilesi opopawo musawadalire kwambiri. Amakopa chifukwa akaphwa amalowa m'kachikwama, koma usiku kukazizira mpweya wa mkatimo umachepa mphamvu, ndipo pulasitiki yake imatamuka makamaka akadali atsopano. Munthu amagona pa matilesi olimba, mbandakucha n'kupezeka chiuno chagunda pansi, ngakhale matilesiwo asanabooke paliponse. Kuzizira nakonso kumachokera pansi, chifukwa mpweyawo susunga kutentha kwa thupi. Akabooka pakati pa usiku, foni yomwe ilire ndi yanu.

Sofa yotambasula ndi yabwino ngati pabalaza pali malo, koma musanagule igonereni kaye inuyo. Zambiri zili ndi matilesi opyapyala ndi chitsulo chopingasa pakati chomwe chimakanikiza msana. Yezaninso ngati chitseko chingatseguke sofayo itatambasulidwa.

Ine ndikadakhala inu ndikadatenga a siponji opinda patatu, a munthu mmodzi, pafupifupi masentimita 90 m'lifupi ndi 190 m'litali. Kuchindikala kwake kusachepere masentimita 10, ndipo siponjiyo ikhale yolimba, yoti mukaidina ndi dzanja ibwerere msanga. Safuna pampu, saphwa, mlendo amayala yekha.

Wochapa_zofunda:
Ine ntchito yanga ndi kukonza m'nyumba zoterezi alendo akatuluka, ndiye ndilankhule za zofunda, poti eni nyumba ambiri amaganizira bedi lokha. Pogona paliponse, ngakhale papaderapo, pakhale mashiti okwana kuyala katatu: ena ali pabedi, ena akuchapidwa, ena ali m'kabati. Mlendo akatuluka m'mawa wina n'kulowa madzulo omwewo, zochapa sizikhala zitauma, makamaka kunja kukachita mitambo.

Gulani oyera a thonje, onse ofanana. Ena amaopa oyera poti litsiro limaonekera, koma ubwino wake ndi womwewo. Banga ndimaliona mlendo asanalione, ndipo oyera amapirira madzi otentha ndi mankhwala oyeretsera osasuluka. Kuchapa pa madigiri 60 kumapha nsikidzi ndi mazira ake omwe. Nsikidzizo zimabwera ndi zikwama za apaulendo, sizisankha nyumba yauve kapena yaukhondo.

Chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse, amayi, ndi chophimba matilesi chosalowa madzi. Pogona papadera nthawi zambiri pamagona ana. Mkodzo ukalowa m'siponji, fungo lake silituluka, ngakhale muyanike padzuwa sabata yonse. Mapilo nawonso akhale ndi zophimba zamkati. M'malo mwa mabulangete olemera omwe amatenga tsiku lonse kuti aume, duveti (chofunda chofewa chokhuthala) yokhala ndi chikwama chovula imandipeputsira ntchito, ndimangochapa chikwamacho. Ndipo musapinde matilesi n'kutsekera m'kabati mlendo atangodzukapo. Ayime kaye pamphepo, apo ayi achita chuku.

Chinanso chaching'ono: zofunda zapaderazo muziike m'thumba lotseka. Likapezeka lotsegula ndimadziwa kuti zagwira ntchito, likakhala lotseka sindichapa zoyerayera.

Mayi_wapaulendo:
Ine sindine mwini nyumba, ndine mlendo amene ndimayenda ndi ana. Chonde lembani zoona. Pa Airbnb pali posankha mtundu wa pogona, kaya sofa, matilesi apansi kapena opopa. Ikani ndi chithunzi chake atayalidwa. Ndikadziwiratu kuti mwana wanga wamkulu agona pansi, sindidandaula ngakhale pang'ono. Chomwe chimapweteka ndi kuwerenga kuti "pogona anthu asanu" n'kukapeza kuti wachisanuyo ndi wa pampando.

Khanda lisagone pa matilesi opopa kapena pa sofa, likhoza kubanika. Limafunika kabedi kakekake, kolimba, kopanda pilo. Ngati mulibe, nenani msanga kuti makolo abwere ndi kawo.

Mwini_kanyumba:
Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza. Ndayeza kabati ija, matilesi opinda akwana pansi, thumba la zofunda pamwamba. Nditenga amodzi okha, malire akhale anthu asanu, chifukwa bafa ndi limodzi ndipo madzi otentha sangakwanire oposa pamenepo. Achemwali ochapa, chophimba chosalowa madzicho sichichita phokoso munthu akamatembenuka? Ndimaopa zija zolira ngati pepala la pulasitiki.

Wochapa_zofunda:
Zolirazo ndi za pulasitiki yokhayokha, zimatenthanso. Funani chokhala ndi nsalu ngati ya thaulo pamwamba, pulasitiki yopyapyala ili kunsi. Chimenecho sichimveka. Musachisite, ndipo mugule ziwiri.