Kodi E2 ikulowa pati pa nkhani ya HPV?

Achimwene ndi achemwali, ndithandizeni. Ndikuphunzira zaudokotala kuno ku Harare ndipo mayeso ndi Lachisanu. Nkhani yake ndi ya HPV, kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, ndi majini ake E2, E6 ndi E7, omwe amapanga mapuloteni a mayina omwewo. Za E6 ndazigwira: imagwirizana ndi puloteni ya m'selo la munthu yotchedwa E6AP n'kuphwanya p53, puloteni yochititsa kuti selo lowonongeka life, moti selo lowonongeka silifa. E7 nayo imamanga pRb, puloteni yoletsa selo kugawikana, E2F (puloteni yoyambitsa kugawikanako) n'kumasuka, selo n'kumangogawikana.

Koma E2 yandizunguza mutu. Dzulo ndachezera nayo pa kandulo, magetsi atathima, mpaka tiyi kuzizira m'kapu. Ndawerenga kuti DNA ya HPV 16 (mtundu umodzi wa HPV) ikalumikizana ndi ya munthu, jini ya E2 kawirikawiri imaduka. Ndiye kudukako n'kumene kumachulukitsa E6 ndi E7? Nanga khansa ya khomo la chiberekero imayamba bwanji mwa amayi amene DNA ya kachilomboka sinalumikizane? Amene munadutsamo, ndifotokozereni m'Chichewa chonde.