Zogejemulira za mabatani awiri: ndigule kapena ndikonzetse zakale zomwezi?

Make Tadala, Area 49: Abale ndithandizeni nzeru. Chimbudzi chathu n'chachikale chija chokhala ndi handulo kutsogolo kwa thanki. Masiku ano kuti madzi atsike mpaka upope kangapo, ndiye kukabwera alendo zimachititsa manyazi. Pulambala wabwera dzulo wati tichotse zonse zam'kati mwa thanki tiikemo za mabatani awiri, laling'ono la mkodzo, lalikulu la zinazo. Zida akuti K65,000, ntchito K25,000, ndipo akuti bilu ya madzi itsika ndi theka. Amene munaikitsa kale, zimathandizadi? M'nyumba muno tilimo anthu 7.

Chikondi wa ku Chilinde: Musayerekeze mayi!! Ine mtima ukundiwawabe mpaka lero. Ndinagula pa hadiweya ina m'tauni muno, mnyamata wa pakauntala kulumbira kuti n'za ku Italy zenizeni, katoni yake yonyezimira. Mvula isanathe n'komwe batani lalikulu linayamba kukanirira pansi. Usiku wonse madzi ali waaa m'chimbudzi, ife tili mtulo. Kudzuka m'mawa mayunitsi a pa mita atha, ana kupita kusukulu osasamba. Nditabwerera nazo akuti katundu akatuluka pakhomo sabwezedwa. Anthu amenewa alibe chisoni ndi ndalama ya munthu.

Bwana KB: Vuto lanu mumakonda zotchipa. Kwanga ndinaika Geberit, ya ku Switzerland, thanki yake ili m'kati mwa khoma, panja pamangooneka mabatani basi. Ndinabwera nayo ndekha kuchokera ku Johannesburg. Chiikireni sipanafikepo pulambala pakhomo panga.

Make Tadala: Munagula zingati bwana?

Bwana KB: Ndikatchula mtengo pano ena atuluka pagulu.

Mphatso: K65,000?? Akukudyerani mayi. Sabata yatha yomweyi ndaona seti yonse pa K28,000 mumsika.

NyaGondwe: Ku Mzuzu kuno K45,000 popanda ball valve, ija ya mpira woyandama yotseka madzi thanki ikadzadza. Ya K28,000-yo ndiye imene analira nayo a Chikondi.

Chikondi wa ku Chilinde: Yanga ndinagula K52,000 ine, musandinamizire kuti ndinagula zotchipa.

Madala a Sipanala, Ndirande: Make Tadala, musanatulutse ndalama mvetsani kaye chomwe chafa m'thanki mwanumo, chifukwa mmene mwalongosoleramu si matenda aakulu. Chimene muli nacho ndi saifoni. Mukatsegula chivundikiro muona chipulasitiki chokhota pakati pa thanki, mwendo umodzi waukulu wotseguka kunsi, wina ndi umene umatsikira ku chimbudzi. M'kati mwa mwendo waukuluwo muli kambale koboolaboola, pamwamba pake pali kapepala ka pulasitiki kopyapyala. Mukatsitsa handulo, kawaya kamakoka kambaleko m'mwamba, kapepala kaja kamakankha madzi mpaka adumphe pokhota paja. Akangodumpha n'kuyamba kutsika, amakoka anzawo onse otsala m'thanki okha, mpaka mpweya utalowa kunsi ndiye amasiya. Tsono kapepalako kakang'ambika, madzi amathawira pong'ambikapo m'malo mokwera, n'chifukwa chake mukupopa kangapo. Kusintha kapepalako ndi ntchito ya ola limodzi. Ngati m'sitolo mulibe, timadula pepala lolimba lija timayala pa fawundeshoni ya nyumba, kutengera saizi ya kakaleko, ndipo limagwira ntchito bwinobwino.

Make Tadala: Ndiye pulambala wanga uja bwanji sanandiuze zimenezi?

Mphatso: Pa kapepala angadyepo chani 😂

Madala a Sipanala: Mwina sakunama, anyamata ambiri masiku ano anaphunzira ntchito pa za mabatani zokhazokha. Koma ndikuuzeni kusiyana kwake kwenikweni. Za mabatanizo si saifoni, ndi valavu. Pansi pa thanki pali bowo, ndipo chimene chimatseka bowolo ndi kalabala kozungulira basi. Mukadina batani, chitsekerero chimanyamuka madzi n'kugwa. Batani laling'ono limachisiya chigwe msanga thanki isanathe, lalikulu limachigwira mpaka madzi atsike onse. Nzeru yake ndi yabwino, sindikutsutsa. Koma madzi onse a m'thanki amakhala atatsamira pa kalabala kameneko usana ndi usiku. Kamchenga kamodzi kakakhala pamenepo, kapena labala ikauma, madzi amayamba kutsetsereka pang'onopang'ono kumbuyo kwa mbale ya chimbudzi, osamveka phokoso. Saifoni singachite zimenezo chifukwa pokhota pake pali pamwamba pa madzi, ndipo madzi sakwera okha. Nanga madzi athu mukuwadziwa mmene amabwerera akakhala kuti anasiya masiku awiri, matope okhaokha poyamba.

Aphunzitsi a Masamu: Madala mwalongosola bwino koma tiyeni tiwerengere. Mathanki akale ambiri amataya malita 9 kapena 11 ulendo umodzi, ena mpaka 13. Za mabatani awiri ndi 6 ndi 3. Titenge anthu 7, aliyense agejemule kasanu patsiku, ndi maulendo 35. Pa malita 11 ndi malita 385 patsiku. Pa za mabatani, aliyense adine lalikulu kamodzi ndi laling'ono kanayi, ndi malita 18 pamunthu, 126 nyumba yonse. Kusiyana kwake malita 259 patsiku, pamwezi kuposa 7,700. Amenewo ndi madzi ambiri abale. Si nkhani ya fasho ayi, zinapangidwira dziko louma. Anazikonza ndi Bruce Thompson wa kampani ya Caroma ku Australia mu 1980, chifukwa cha kusowa kwa madzi komweku.

Yami: Si ku Australia, ndi ku Japan. Kumeneko mpaka pamwamba pa thanki pali kampopi kosambira m'manja, madzi ake n'kulowa m'thanki momwemo.

Aphunzitsi a Masamu: Ya mabatani awiri imene tikukamba panoyi ndi ya Caroma.

Yami: Chabwino sir.

Landilodi wa ku Bangwe: Masamu a pa bolodi amenewo. Ndani amene amadina laling'ono? Ana amadina onse awiri nthawi imodzi ndi chikhatho, akuluakulu amadina lalikulu chifukwa sakhulupirira kuti laling'ono lichotsa kanthu. Ine m'nyumba zanga za lendi ndinachotsamo zonse ndikubwezera za handulo. Alendi akaswa batani amangotsegula chivundikiro n'kumakoka ndi dzanja, kenako chivundikiro chomwe n'kugwetsa. Ndiye kapezeni chivundikiro chokha m'sitolo muone ngati angakugulitseni popanda thanki.

Bambo Jere: Ife chathu cha dzenje sichinafunepo batani chikumbireni 😂😂

NyaGondwe: Mudzatiuza mvula ikadzachigumula.

Achemwali a ku Cape Town: Inu simunaone mavuto a madzi. Kuno 2018 boma la mzinda linatiikira malita 50 pamunthu patsiku, kusamba, kuphika, kuchapa, zonse momwemo. Palibe amene anathamangira kugula mabatani. Timasamba titaima m'beseni, madziwo n'kuthira mu ndowa, ndowa n'kukaika pafupi ndi chimbudzi. Ukathira mwamphamvu kamodzi zonse zimapita. Ndipo m'thanki timaikamo botolo la malita 2 lodzaza madzi lotseka bwino, ndiye ulendo uliwonse wapulumutsa malita 2 osalipira kanthu. Mayi sungani K90,000 yanuyo mugulire ana yunifolomu.

Mphatso: Kapena njerwa. Agogo anga amaika njerwa.

Madala a Sipanala: Njerwa ayi chonde. Imasungunuka pang'onopang'ono, dothi lake n'kumapita m'mapaipi ndi m'timabowo ta m'mphepete mwa mbale. Botolo lili bwino bola lisakhudze mkono wa mpira. Komanso ngati ball valve yanu ndi ya mkono wa buraso, ingoupindani pang'ono kuloza pansi. Mpira ukakhala m'munsi umatseka madzi msanga, thanki siidzadza kwambiri. Za pulasitiki zili ndi kasikuluu kosinthira.

Bwana KB: Mabotolo, njerwa, kupinda zitsulo. Tidzatukuka liti a Malawi?

Achemwali a ku Cape Town: Bwana tsiku limene yanuyo idzadonthe m'kati mwa khoma mudzaswa matailosi.

Bwana KB: Simukuzidziwa. Umangochotsa mbale ya mabatani ija, dzanja limalowa pabowo lomwelo, zonse zam'kati zimatulukira pamenepo. Anapanga ndi mainjiniya osati ongoyesa.

Madala a Sipanala: Apo a KB akunena zoona, khoma siliswedwa. Koma kalabala kake kakatha mukakapeza kuti kuno? Mpaka wina achokere ku Joni.

Sisi Thoko, Leeds: Ndiikepo mawu pang'ono. Kuno ku UK malamulo akale amalola saifoni yokha, chifukwa chomwe anena madalachi, kuti siidontha. Mavalavu anawalola kuyambira 2001, pomwenso anati thanki yatsopano isapitirire malita 6. Lero makampani a madzi kuno amakhalira kuchenjeza anthu za zimbudzi zodontha mwakachetechete, ndipo zambiri ndi za mabatani zomwezi. Kuno madzi ndi oyera opanda mchenga koma zikudonthabe, nanga kwathuko?

Aphunzitsi a Masamu: Koma sanaziletse. Zikanakhala zoipa akanaziletsa.

Chikondi wa ku Chilinde: Akanaziletsa ndi ogulitsa omwe, awamange!

Madala a Sipanala: Pali chinanso chimene aphunzitsi sanachiike m'masamu awo, ndipo ndi chachikulu kuposa zonse takambazi. Thanki ndi mbale zimapangidwira limodzi. Mbale yachikale ili ndi khosi lalikulu ndipo pansi pake pamakhala madzi ambiri, aja amatchinga fungo la m'sepitiki kuti lisabwerere m'nyumba. Kuti madzi amenewo asinthike onse ndi kukankha zonyansa kudutsa pokhota, pamafunika malita 9 kapena kuposa, ndiye mmene anaipangira. Mukaipatsa malita 3, madzi amangozungulira, mtundu n'kusintha pang'ono, pepala lili pompo. Munthu amadinanso kachiwiri, mwina kachitatu, ndiye mwapulumutsa chani? Choipa kwambiri n'chakuti zonyansa zimatha kuchoka m'mbale koma n'kukaima m'paipi ya pansi ngati paipiyo ndi yaitali kapena anaiyala mosatsetsereka bwino. Ndatsegulapo mamanihole ambiri chifukwa cha zimenezi. Ofuna 6 ndi 3 yeniyeni agule chimbudzi chonse, mbale ndi thanki yake. Kungosintha zam'kati ndi kuika injini ya njinga yamoto pa lole.

Make Tadala: Eee ndiye chimbudzi chonse ndi ndalama zingati?

Mphatso: K150,000 mupeza.

NyaGondwe: Chaka chiti? Pano popanda K300,000 simunyamula chabwino.

Dalitso Hardware Deals: Ndili nazo zonse olijino, mabatani awiri, ball valve, ma flexi, mtengo wabwino, timakubweretserani pakhomo. Inbox.

Admin: A Dalitso malonda ndi Loweruka lokha. Chenjezo lomaliza.

Mai Busa: Ine zanga za mabatani zatha zaka, bilu inatsikadi, sindinganame. Chinsinsi chake pulambala anaika kasefa pa paipi yolowera m'thanki, ndipo madzi akasiya timatseka kampopi ka pambali, akabwera timayamba tatsegula mpopi wa panja mpaka ayere. Kalabala ndinasinthako kamodzi, ndinasintha ndekha, umangopotoza chivalavucho n'kuchizula. Musawaopseze mayiwa ngati n'zosatheka.

Chikondi wa ku Chilinde: Munali ndi mwayi Mai Busa, mapemphero anakuthandizani. Ine anandibera.

Yami: Funso langa lapadera, kwathu timagwiritsa thanki ya pamwamba ya madzi a pa chitsime, chimbudzi chimatenga mphindi 20 kuti chidzadze. N'chani?

Madala a Sipanala: Anakuikirani ball valve ya presha yaikulu, kabowo kake n'kakang'ono. Madzi a thanki ya pamwamba alibe mphamvu, funani ya presha yochepa ya bowo lalikulu. Kapena mwatsekeka mchenga, masulani muone.

Madala a Sipanala: Ndipo nonse amene muli ndi za mabatani yesani izi lero. Thirani tiyi wakuda bii m'thanki, musagejemule kwa theka la ola. Mukaona mtundu watsikira m'mbale ndiye kuti mukulipira madzi otayika. Mathanki akale anali ndi kapaipi kotulukira panja pa khoma, ball valve ikafa mumaona madzi akudontha pabwalo n'kudziwa. Zatsopanozi madzi osefukira amalowa m'mbale momwemo, simungadziwe mpaka bilu.

Make Tadala: Ndatsegula chivundikiro pompano. Pansi pa thanki pali matope ofiira okhuthala, chala chikulemba. Mpira wake ndi wa orenji, mkono wa buraso. Chivundikiro chilibe bowo pamwamba, ndiye mabataniwo akakhala pati?

Madala a Sipanala: Funso limenelo mufunseni pulambala wanuyo. Chivundikiro cha dothi sitiboola, chimasweka. Ziliko za kebulo zimene batani lake limalowa pabowo la handulo, koma mufunsenso saizi ya bowo la pansi pa thanki, saifoni zambiri ndi inchi imodzi ndi theka pomwe mavalavu ambiri ndi mainchi 2.

Aphunzitsi a Masamu: Ngakhale zitavuta bwanji, malita 7,700 pamwezi si oti n'kungowanyalanyaza.

Landilodi wa ku Bangwe: Sir bwerani mudzaphunzitse alendi anga kudina batani laling'ono, ndikulipirani.

Make Tadala: Ndamuimbira, akuti za kebulozo ndi K85,000 osati K65,000, ndipo akuti kapepala ka saifoni sadula yekha, si ntchito yaukadaulo. Madala, ku Lilongwe kuno mukudziwako wina?

Madala a Sipanala: Ndifunse kaye, mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito cha ku Kawale koma foni yake ikumavuta.

Chikondi wa ku Chilinde: K85,000!! Mwaona? Ndimanena ine.

Bwana KB: Ndikupita ku Joni mwezi wamawa, ofuna zenizeni atumize ndalama msanga, m'galimoto malo ndi ochepa.