Tepi ikuti 24 koma rula ikuti 31 ndi theka

Telala wa ku Ndirande: Akuluakulu thandizeni msanga. Masiketi a yunifolomu amene ndadula akukana m'chiuno, nsalu ndi ya eni ake. Mnyamata wanga anayeza ana ndi tepi yatsopano ya pamsika, ine ndadulira rula ya mainchi mwa masiku onse. Ndikagoneka tepiyo pa rula, 24 yake ikugwera pa 31 ndi theka! Chikuchitika n'chiyani?

Bambo a ku Mchesi: Yatanuka imeneyo. Matepi otchipa amatero.

Mayi a ku Zomba: Achimwene, werengani timizere tapakati pa 1 ndi 2. Inchi ya pa tepi yathu imagawidwa pa 8, kamzere kotalikirapo pakati ndiye theka. Mukapeza magawo 10, si mainchi ayi, ndi muyeso wa ku China wotchedwa cun. Inchi ndi masentimita 2.54, cun ndi 3.33. Tembenuzani tepiyo, kuseri kwa 24 mupezako masentimita 80.

Telala wa ku Ndirande: Alipo 10, mayi.

Bambo a ku Mchesi: Ine ndati yatanuka. Ndakalambira pa makina.

Mayi a ku Zomba: Bambo, tepi yatsopano ingatanuke mainchi 7? Onani kumapeto kwake. Ya mainchi imathera pa 60, iyi ithera pa 45 pomwe kuseri kuli 150.

Mlongo wa ku Mzuzu: Zinandionekera pa madiresi a operekeza mkwatibwi. Miyeso inabwera pa WhatsApp kuchokera ku Johannesburg, manambala okhaokha. Tinachezera usiku kuika majoini m'mbali, amayi a mkwatibwi atakhala pakhomo. Muyeso wa pafoni sindilandiranso popanda chithunzi cha tepi.

Telala wa ku Limbe: Chenjeraninso ndi marula a ana asukulu. Ziro sali kumphepete, pali kampata. Mukayambira pamphepete, choko chigwera polakwika. Ndipo musayeze ndi chida china n'kudulira china.

Bambo a ku Mchesi: Ngakhale ili ya ku China, ndi pulasitiki, imatanuka ndithu. Itayeni.

Mlongo wa ku Mzuzu: Nsalu yotsalayo musaikhudze kaye. Manambala onse a m'kope ndi a tepi yomweyo, malaya nawonso aphonya. Ayezeninso anawo.