Amayi anga anachita sitiroko, pano ayamba chilonda kumsana, ndithandizeni nzeru

Moni nonse m'gulu muno. Admin chonde ndibisireni dzina, abale ena ali momuno ndipo sindikufuna kuti nkhaniyi isanduke mkangano wapabanja. Ndikupempha anamwino komanso aliyense amene anasamalirapo wodwala wogona pakhomo kuti andithandize, mutu wanga waima.

Amayi anga ali ndi zaka 67, timakhala ku Area 23. Mwezi wathawu m'mawa akusesa panja ndinangomva tsache lagwa, kutuluka ndinawapeza atakhala pansi pakhonde, pakamwa patapindikira mbali imodzi, akuyesa kundiitana koma mawu osatuluka, dzanja lamanja lili lende. Tinathamanga nawo kuchipatala pa galimoto ya aneba, kumeneko anati ndi sitiroko chifukwa cha BP. BP yakeyo anawapeza nayo zaka zitatu zapitazo koma chaka chatha anasiya kumwa mankhwala, ankati ine ndachira sindikumva kupweteka paliponse, komanso ankadandaula kuti kapilitsi kakang'ono kaja kamawakodzetsa pafupipafupi mpaka kutchalitchi kumachita kutuluka pakati pa ulaliki. Ine ndinkadziwa kuti asiya ndipo sindinalimbane nawo. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

Tinakhala m'wodi masiku 12, ine ndili gadiyani, kugona pa chitenje pansi pafupi ndi bedi. Anesi sindingawanene zoipa ayi, ndinaona ndi maso angawa usiku anesi awiri okha akuthamanga ndi wodi yonse yodzadza, ndiye kusambitsa, kudyetsa, kutaya mkodzo, zonsezo zimatsalira gadiyani. Koma tsiku lotuluka tinangopatsidwa mankhwala ndi deti yobwerera atalemba m'buku, ndi mawu oti muziwatembenuza komanso muzibwera nawo ku mafizo, kumene amaphunzitsa odwala masewera owongola ndi kulimbitsa ziwalo. Kutembenuza kwake kotani, kangati, palibe amene anali ndi mpata wondionetsa.

Ndiye Lachiwiri powasambitsa ndinaona kuti kumunsi kwa msana, pafupa lija lili pamwamba pa matako, khungu lada kuposa pena ponse ndipo likutentha ukaligwira. Dzulo pasupuka, kukula kwake ngati kachitsekerero ka botolo la Fanta. Chidendene cha mwendo wakufawo nachonso chayamba kuda. Amagona pa matiresi yopyapyala, ndinayala pulasitiki kuti isanyowe, ndipo ndi kutentha kwa Okutobalayu ndimawapeza chitenje chonse chili chonyowa ndi thukuta. Ndipakepo chani pachilondapo? Komanso akamamwa madzi amatsamwa mpaka misozi, phala amadya bwino koma madzi ndi tiyi ndiye nkhondo, moti ndayamba kuwapatsa ochepa chifukwa cha mantha. Mapampasi ndalephera kukwanitsa, ndimagulitsa kaunjika ku Tsoka ndipo chigonekedwereni sindinapiteko, ndikugwiritsa ntchito zitenje zakale kuchapa kawiri patsiku ndi madzi ogula pa kiyosiki. Mvula ili pafupi ndipo ndikakumbukira kolera ija mtima sukhala pansi, m'nyumba muno muli ana awiri ang'ono.

Pamwamba pa zonsezi amalume akuti tiwatengere kumudzi ku Mitundu akaonedwe ndi sing'anga chifukwa munthu sangagwe chonchi akusesa popanda dzanja la munthu. Sindikufuna kuwachitira mwano, ndi eni mbumba, koma mtima wanga ukukana. Ndipange bwanji abale anga?

Mayi wa ku Kawale: Pepani achemwali, Mulungu akupatseni mphamvu. Ine apongozi anga ndinkawapaka sipiriti kenako pawudala, chilonda chimauma msanga. Muzisisitanso pamene padapo kuti magazi ayende.

Namwino: Asisi a ku Kawale pepani ndikutsutsani pang'ono, ndikudziwa mwanena ndi mtima wabwino ndipo kale ambiri tinkamva choncho. Koma sipiriti ayi chonde, imawotcha mnofu umene ukufuna kupola, pawudala nayenso amaundana m'chilondamo. Kusisita pamene padapo ndiye kumaonjezera vuto chifukwa mnofu wapansi pake wavulala kale.

Achemwali mwafunsa pa nthawi yake, chilonda chikadali chaching'ono. Chimene chimabweretsa zilonda zimenezi si matenda ena ayi, ndi kulemera kwa thupi kukanikiza khungu pakati pa fupa ndi matiresi, magazi osafikapo, khungu n'kufa. Ine ndi inu tikagona timatembenuka tokha osadziwa n'komwe, amayi pano sangathe. Ndiye mankhwala aakulu ndi manja anuwo. Maola awiri aliwonse asinthe mbali, usiku omwe, tcherani alamu pa foni. Pakali pano asagonere chagada chifukwa chilonda chili kumsana, muzisinthasintha kumanzere ndi kumanja, muwapendeketse pang'ono chabe n'kuika pilo kumbuyo, osati kugoneka pafupa la m'chiuno penipeni chifukwa pamenepo napo pamachita zilonda. Pilo wina pakati pa mawondo, wina pansi pa akatumba a miyendo kuti zidendene zilendewere osakhudza matiresi. Ngati mapilo ndi ochepa, inu muli ndi kaunjika, kulungani majuzi m'chitenje zimagwira ntchito chimodzimodzi.

Powatembenuza musawakoke dzanja lakufalo, phewa limagweduka ndipo limapweteka kwa miyezi. Yalani chitenje cholimba pansi pawo kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu, awiri mugwire uku ndi uku n'kunyamula, osawakhwekhwereza. Pulasitiki ikhale pansi, pamwamba pake zitenje ziwiri kapena zitatu zowuma zopanda makwinya, ngakhale nyenyeswa za nsima zikatsalira pogona zimasupula khungu. Chikanyowa sinthani pompo. Zitenje zili bwino musadzimvere chisoni ndi mapampasi, pampasi wokhalitsa m'thupi tsiku lonse pofuna kusunga ndi woipa kuposa chitenje chosinthidwa msanga.

Chilondacho tsukani ndi madzi owiritsa ozizira, theka la lita muthiremo mchere kasupuni ka tiyi kamodzi, muphimbe ndi goze woyera. Vaseline pang'ono pakhungu lozungulira kuti mkodzo usamawotche. Koma chioneke ndi wachipatala sabata yomwe ino, pitani pa health centre yapafupi ndi buku lawo, ngati kuwanyamula kukuvuta jambulani chithunzi mukafunse ngati pali anesi oyendera odwala m'makomo kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Chikayamba kununkha, kutuluka mafinya, kuda bii kapena thupi likatentha, musadikire kuti kuche.

Wofunsa: Zikomo anesi, ndawerenga kawiri. Usiku ndimakhala ndekha, achimwene amalowa ntchito ya ulonda, ndiye ndimawasiya mbali imodzi kuyambira 9 koloko mpaka m'mawa. Ndiye kuti ndi ineyo ndapangitsa chilondachi?

Namwino: Ayi achemwali musadziweruze choncho, munthu mmodzi sangakwanitse ntchito imeneyi usana ndi usiku, ngakhale ife m'wodi timasinthana mashifiti. Chimene chikusowa pakhomo panu ndi anthu. Khalani pansi ndi abale mugawane masiku, funsaninso amayi a mvano kapena a kumpingo kwanu, ambiri amafuna kuthandiza koma amangobwera ndi shuga ndi pemphero chifukwa palibe wawauza chofunika chenicheni. Auzeni kuti ndikufuna munthu wogona kuno Lachitatu.

Za kutsamwazo ndiye ndikufuna mumvetse bwino chifukwa zimenezo zimandiopsa kuposa chilondacho. Sitiroko imafooketsanso minofu yomezera, madzi amathamanga n'kulowera njira ya mpweya, akafika m'mapapo chimabwera ndi chibayo. Musawamwetse atagona, olo pang'ono. Akhale tsonga mowongoka, mutu woweramira kutsogolo pang'ono, muziwapatsa ndi supuni pang'onopang'ono, chakudya muziika mbali yabwino ya pakamwa. Zinthu zolimbirako ngati phala la madzimadzi kapena nthochi yokanya nthawi zambiri zimatsika bwino kusiyana ndi tiyi. Akamaliza akhalebe tsonga mphindi 30, ndipo muone m'tsaya la mbali yakufayo, chakudya chimabisala mmenemo, mutsuke m'kamwa m'mawa ndi madzulo. Koma kuwachepetsera madzi ayi, ndi kutentha kuno thupi liuma ndipo chilonda sichipola. Mukapita ku mafizo kapena ku kiliniki mukanene zoti akutsamwa, ndi nkhani yoti aione okha. Chakudya chikhale chomanga thupi, phala lothira nsinjiro, Likuni Phala, dzira, nyemba zosenda, usipa wosinja. Mchere wochepa.

Bambo wa ku Area 25: Achemwali ine ndinachita sitiroko 2019 ndili ndi zaka 51, lero ndimayenda ndi ndodo mpaka kumsika wa Nsungwi ndekha. Chinandidzutsa ndi mafizo ku Kamuzu Central ndi akazi anga amene sanatope, tsiku lililonse kundipinda ndi kundiwongola zala, chigongono, bondo, ine ndikulira. Miyezi yoyambirira ndi imene thupi limaphunzira msanga, musaitaye. Transipoti ikavuta apempheni a mafizo akuphunzitseni zoti muzipanga pakhomo. Chinanso, muziyankhula nawo ngati munthu wamkulu. Ine mawu atandithawa ndinkamva chilichonse, anthu ankabwera kudzandiona n'kumakambirana za maliro anga ndili pomwepo. Amayi anuwo akumva.

Mayi wina: Za amalumezo musalimbane nawo pa foni. Aitaneni abwere adzagone masiku awiri, awatembenuze okha, aone mmene akutsamwira, kenako muwafunse mwaulemu kuti amalume msewu wa kumudzi uja tikawanyamula chonchi akafika? Ndipo mankhwala azitsamba omwetsa munthu amene akulephera kumeza madzi ndi ngozi. Mukapite nawo limodzi ku kiliniki akamve okha kwa adokotala, akuluakulu amamva bwino akauzidwa ndi mwini ntchito kusiyana ndi mwana wa mlongo wawo.

Mnyamata wa ku Mtandire: Koma zoona a nesi ndi ochepa chonchi pomwe anzathu anamaliza sukulu ya unamwino angokhala pakhomo kudikira kulembedwa ntchito? Mlongo wanga ndi mmodzi mwa iwo. Zimapweteka.

Mlangizi wa zaumoyo: Ndiyankhepo za kolera chifukwa mantha anuwo ndi oyenera. Mliri uja unayamba mu Malichi 2022 ndipo unatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mukukumbuka mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Pakhomo pamene pali wodwala wodzithandizira pogona pamafunika kusamala kawiri. Madzi a pa kiyosiki amatha kukhala abwino potunga koma amaipira m'ndowa, ana akamaviikamo makapu ndi manja. Akumwa muziwiritsa kapena kuthira WaterGuard kapena klorini amene timagawa, mudikire mphindi 30, musunge m'chigubu cha kukamwa kochepa chotseka. Beseni lochapira zitenje za amayi likhale lakelake, lisakhudzane ndi la mbale, madzi ake muzitaya m'chimbudzi osati m'ngalande momwe ana amasewera. Magolovesi akasowa valani majumbo m'manja, mukatha sambani ndi sopo. Thanzi ORS musamasowe m'nyumba, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzi ngati otsukira mpunga muyambe kumumwetsa muli pa ulendo wa kuchipatala.

Ndipo inu nonse mukuwerenga, kayezetseni BP, m'zipatala za boma ndi ulere. Imakwera mwakachetechete munthu akumva bwinobwino, mankhwala ake sasiyidwa chifukwa choti wapeza bwino. Akakusowetsani mtendere ngati mmene ankadandaulira amayiwa, kauzeni adokotala akusinthireni mtundu wina. Achemwali inunso ndi achimwene anuwo mukayezetse, imayenda m'magazi.

Mayi wa ku Kawale: Anesi zikomo pondikonza, sindinkadziwa. Achemwali ndili ndi matiresi ya mainchesi 6 imene apongozi ankagonera, ili bwinobwino, ngati simukuipidwa nayo admin atilumikizitse mudzatenge.

Namwino: Ndaiwala chimodzi. Asipirini musawagulire nokha pa golosale chifukwa mwamva kuti amathandiza sitiroko. Sitiroko ina imabwera chifukwa mtsempha watsekeka, ina chifukwa waphulika magazi n'kukhera mu ubongo, ndipo pa yachiwiriyi asipirini amaonjezera ngozi. Muziwapatsa zokhazo zimene zalembedwa m'buku.

Wofunsa: Abale sindikudziwa kuti ndithokoze bwanji. Usiku wathawu ndinatchera alamu, mwana wa achemwali anga wa Fomu 3 anabwera kudzagona ndipo tawatembenuza kanayi ndi chitenje chija, n'zopepuka kusiyana ndi mmene ndinkavutikira ndekha. Pulasitiki ndaiika pansi, majuzi awiri ndakulunga ali pansi pa miyendo. M'mawa uno ndinawakhazika tsonga n'kuwauza zonse zimene bambo a ku Area 25 alemba, kuti kuli munthu anagwa ngati inu ndipo pano akuyenda mpaka kumsika, anandiyang'ana nthawi yaitali kenako anandifinya dzanja ndi dzanja lawo labwinolo. Amalume ndawaimbira, avomera kubwera Loweruka, za kumudzi sitinakambe. Mawa ndikupita ku health centre ndi buku ndi chithunzi cha chilonda, ndikayezetsanso BP yanga. Mayi a ku Kawale matiresiyo ndikuifuna ndithu, ndalembera admin.

Funso lina anesi musanatope nane, lero ndi tsiku lachinayi asanapite kuchimbudzi chachikulu ndipo mimba yaumako, aneba akuti ndiwapatse mankhwala otsegula m'mimba a pa golosale koma ndikuopa chifukwa cha chilondacho. Papaya ndili naye pakhomo, ndiyambe ndi ameneyo kapena ndikanene kaye mawa lomwelo?