Sensa ya SnO2 ikungosinthasintha: pulakitiko ya ophunzira tiikonze bwanji?

Mayi Nkhoma

Akuluakulu, thandizeni maganizo. Tikukonza pulakitiko ya ophunzira a chaka chachitatu, ndipo phunziro lake latsamira pa ntchito ya Vladimir Aroutiounian, katswiri wa fizikisi wa ku Armenia wobadwa mu 1940, amene anatsogolera dipatimenti ya fizikisi ya ma semiconductor pa Yerevan State University kwa zaka zambiri. Gulu lake limadziwika ndi masensa a mpweya opangidwa ndi metal oxide. Makina opangira sensa ife tilibe, ndiye tagula ma MQ-3, masensa a nthunzi ya mowa (ethanol), poti mkati mwake muli tin dioxide, SnO2. Alipo anayi pa Arduino imodzi (kabolodi kamene kamawerenga masensa), moto ukuchokera pa USB ya laputopu. Mavuto ndi awiri. Mu mpweya wamba, nambala ya m'mawa ikusiyana kwambiri ndi ya masana. Komanso masensa awiri amene ali m'bokosi lomatidwa ndi silikoni asiya kumva ethanol.

Bambo Gondwe

Mayi, yambani ndi moto. MQ-3 iliyonse ili ndi hita ya ma ohm pafupifupi 30, ndipo pa 5 V imakoka ma mA pafupifupi 150. Masensa anayi ndi ma mA 600, pomwe USB 2.0 imapereka 500 basi. Ikani mita pa miyendo ya hita yeniyeniyo, osati pa bolodi. Mukapeza 4.6 V m'malo mwa 5, mphamvu ya hita yatsika ndi pafupifupi 15 peresenti, chifukwa imayenda ndi V². Ndiye kuti SnO2 yazizira, ndipo resistance yake yasintha musanaike mpweya uliwonse. 

Ma hita akhale ndi pawa sapulayi yawoyawo ya 5 V, 2 A, ma ground alumikizane. Kenako asiyeni akuyaka maola 48 osazimitsa. Sensa yatsopano, kapena imene yakhalitsa m'kabati, imakhala itamwa chinyezi ndi zina za mu mpweya, ndipo imayenera kuwotcha zimenezo kaye.

Dr Mbewe

A Gondwe anena zoona, koma kusiyana kwa m'mawa ndi masana ine ndikukayikira kwambiri chinyezi, ndipo apa mpamene pali phunziro lenileni. SnO2 ndi semiconductor ya n-type, kutanthauza kuti magetsi amayendamo ndi ma elekitironi, ndipo ma elekitironi ake amachokera m'malo amene atomu ya okosijeni ikusowa. Ikatentha madigiri 200 mpaka 400, okosijeni wa mu mpweya amamatirira pamwamba pa timibulu take n'kulanda elekitironi, kukhala O⁻. Khungu la kambulu kalikonse limatsala lopanda ma elekitironi, ndipo pamene timibulu tagundana pamakhala chotchinga chimene magetsi ayenera kulumpha. Ethanol ikafika imapsa ndi O⁻ uja, elekitironi imabwerera, chotchinga chimatsika, resistance imagwa. Madzi nawo amachita zofanana: amakhala pamwambapo ngati magulu a OH, amalanda malo a okosijeni, resistance n'kutsika. Sensa siidziwa kuti ichi ndi mowa, ichi ndi nthunzi.

Nkhani ya Aroutiounian ilowetseni pamenepa, osati pa tsamba loyamba ngati mbiri yongoloweza. Seiyama wa ku Japan anasonyeza khalidwe limeneli pa zinc oxide, ZnO, mu 1962, ndipo Taguchi, wa ku Japan komweko, anafika nayo pamsika SnO2 kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mavuto amene anatsala ndi aakulu: hita imadya moto, ndipo sensa imamva chilichonse. Gulu la ku Yerevan linkalimbana ndi zomwezi pothira zitsulo monga ruthenium ndi cobalt mu SnO2, lanthanum mu ZnO, ndi kusakaniza SnO2 ndi ma carbon nanotube, kuti sensa igwire pa kutentha kotsikirapo ndi kusankha mpweya, kaya haidirojeni, kaya nthunzi ya hydrogen peroxide. Wophunzira akaona yekha MQ-3 ikunamizidwa ndi mpweya wa m'kamwa mwake, sadzafunsanso chifukwa chake munthu angathere zaka zambiri pa nkhani imodziyi.

Mayi Nkhoma

Zikomo a Dokotala. Nanga awiri a m'bokosi aja? Tiwawotche maola 48, mwina adzuka?

Bambo Gondwe

Ayi mayi, amenewo muwaiwale. Silikoni akamauma amatulutsa nthunzi ya siloxane. Ikafika pa SnO2 yotentha imaphwanyika n'kusiya kansalu kopyapyala ka silika, ndipo okosijeni safikanso pamwamba. Kuwotcha sikuchotsa silika. Pezani botolo lagalasi la malita 10 kapena desiccator, mawaya adutse pa chitsekero cha labala, mumange ndi tepi ya PTFE ya mapaipi a madzi. Bokosi la pulasitiki lili ndi vuto linanso: limamwa ethanol n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mawa lake. Koma akufawo musawataye, aonetseni ophunzira pambali pa amoyo.

Bambo Zulu

Za chinyezi, njira yotchipa ndi mchere. Sungunulani mchere wa kukhitchini m'kambale ka madzi mpaka wina utsale pansi osasungunuka. M'botolo lotseka umasunga chinyezi pa 75 peresenti. Magnesium chloride amasunga pa 33 peresenti. Mukatero muli ndi nyengo ziwiri m'labu imodzi, ya dzinja ndi ya mu Okutobala.

Dr Mbewe

Njira ndi yabwino a Zulu, koma kambaleko kasakhalemo pothira ethanol. Ethanol imalowa m'madzi msanga, ndipo mpweya umene mukuganiza kuti ndi 40 ppm (magawo 40 pa miliyoni) ukhala ukuchepa inu mukulemba. Mchere ugwire ntchito poyeza resistance ya mu mpweya wopanda ethanol pa chinyezi chosiyanasiyana. Pofika pa ethanol, tulutsani kambale, tsekani msanga, ndipo sensa ya chinyezi monga SHT31 kapena DHT22 izilemba chinyezi ndi kutentha nthawi yomweyo.

Muyeso wake ndi uwu. Mikolita imodzi (0.001 mL) ya ethanol imalemera 0.789 mg, ndipo ikauluka yonse pa madigiri 25 imapanga nthunzi yokwana 0.42 mL. M'malita 10 ndi 42 ppm. Bwerekani micropipette ku labu ya bayoloje, muthire mikolita 2, 4, 6, 8 ndi 10 pa kapepala kosefera, muikemo kafani ka kompyuta kuti mpweya usakanikire. Spiriti ya pepo ya m'sitolo ayi, ili ndi zosakaniza zina. Ngati labu yanu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 monga Lilongwe, mpweya ndi wopepukirapo, ndiye onjezani pafupifupi 12 peresenti pa ma ppm amenewo.

Bambo Gondwe

Chinanso: kodi ya pa intaneti imene imalemba ppm mwachindunji ichotseni. Imaganiza kuti load resistor ndi 10 kΩ, pomwe timabolodi tambiri totchipa tili ndi 1 kΩ. Yang'anani kumbuyo, ngati palembedwa 102 ndi 1 kΩ. Ophunzira awerengere okha: Rs = RL × (Vc − Vout) / Vout, pamene Rs ndi resistance ya sensa, RL ndi load resistor, Vc ndi voteji yolowa mu sensa, ndipo Vout ndi voteji yotuluka. Agawe Rs ndi resistance ya mu mpweya wabwino ya tsiku lomwelo, ajambule pa log-log ndi ppm. Uyenera kutuluka mzere wowongoka wotsetsereka. Pakati pa muyeso ndi muyeso tsekulani botolo, lipitidwe mphepo, mudikire Rs ibwerere pamene inayambira. Kubwerera kumachedwa kuposa kumva, ndipo ophunzira ambiri amathamangira pamenepa.

Mayi Nkhoma

Mita yasonyeza 4.5 V pa hita, ndipo kumbuyo kwa bolodi kwalembedwadi 102. Ma hita awiri amoyo tawasamutsira pa sapulayi yawo, akhala akuyaka mpaka Lachinayi. A Zulu, magnesium chloride amene tili naye ndi wa hexahydrate, agwira?

Bambo Zulu

Agwira bwinobwino mayi. Thirani madzi pang'ono kwambiri, akhale ngati phala lolimba, chifukwa amasungunuka mosavuta ndipo akasungunuka yense 33 peresenti ija yatha. Mupatseni usiku wathunthu m'botolo lotseka musanayambe kulemba.