Kamlatho ka ana asukulu kaja katsekedwa

Nonse amene munandiyankha sabata yatha, zikomo kwambiri. Ndinafunsa kuti makolo tingakadandaule kwa ndani za kamlatho ka matabwa pa mtsinje wa Lingadzi, pomwe ana athu amawolokera popita ku pulayimale, poti matabwa ena anathyoka ndipo misomali ili pamtunda.

Tinatsatira malangizo anu. Komiti ya sukulu inalemba kalata, amfumu anasainira, tinakapereka kwa a khansala pamodzi ndi zithunzi. Lachiwiri anabwera kudzaona okha, ndipo kamlathoko katsekedwa. Mbali zonse ziwiri akhomako malata.

Mtima wakhala pansi pang'ono, koma nkhawa sinathe ayi. Njira yozungulira ndi yaitali, moti dzulo ndaona tiana ta Sitandade 2 titavula nsapato, makope pamutu, tikuwoloka m'madzi pansi pa mlatho womwewo. Panopa madzi akulekeza m'maondo, koma mvula ikakhazikika mu Disembala mtsinjewu umalusa. Anzathu a ku Mtandire sanaiwale zomwe unachita mu 2017.

Tagwirizana kuti makolo tizisinthana kuperekeza ana m'mawa ndi poweruka. Tsopano ndithandizeninso: kuti atimangire mlatho wa simenti, tikapemphe ndalama za CDF (thumba la chitukuko cha m'dera la phungu) kudzera kwa a phungu, kapena tipite kukhonsolo?